Timadontho ta pa Tchati cha Mapaipi

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mwano.

Ndinali nditasiya koleji ku Chipata, kumene ndinkaphunzila za makompyuta. Adada anamwalila sabata ya mayeso. Ndinapita kwathu ku Mphamba kukaika malilo, ndipo amalume anandigwila kuti ndithandize amama kusankha fodya amene adada anasiya m'chigafa. Nditabwelela ku koleji anandiuza kuti ndibweleze chaka chonse. Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano, ndinanyamula chikwama changa n'kukwela basi ya ku Lundazi. Anzanga amene ndinkawathandiza kulemba kodi, malangizo oyendetsela kompyuta, lelo ali ndi mapepala, ine ndilibe. Musandiuze kuti chilichonse chimachitika ndi cholinga. Ndinamva kale.

Ndinkaswela pa kashopu ka mnzanga wokonza mafoni pafupi ndi msika, kuika nyimbo m'makadi ndi kuchotsa mavailasi m'mafulashi. Tsiku lina Lachisanu kunabwela mayi wina ndi laputopu imene inkazima yokha. Anali amayi Tembo, a ku Chipata, oyang'anila ofesi ya kakampani kamene kankayala mapaipi a madzi m'midzi ya ku Mphamba, kuchokela pa thanki yopopa ndi sola kukafika pa mipopi. Nditachotsa fumbi mu fani n'kuiyatsa, ndinapeza mawindo awili otsegula. Lina linali ndi tchati cha mizele yopingasa, lina Excel yolembedwa theka. Anandiuza kuti Lachisanu lililonse amakopela za pa tchati kuika mu Excel, chifukwa mabwana a ku Lusaka satsegula china chilichonse.

"Mumataipa zonsezi ndi zala?" ndinafunsa.

"Nanga nditaipe ndi chigongono?"

"Imeneyo ndi nchito ya chitsilu."

Mnzanga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Amayi Tembo anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka ku mapatapata.

"Chabwino," anatelo. "Chitsilu chatopa. Lolemba ubwele, tione wanzelu."

Kwa amene simunachionepo, tchati cha Gantt ndi ndondomeko ya nchito yojambulidwa. Kumanzele kuli maina a nchito: kupima njila, kukumba ngalande, kuyala mapaipi, kulumikiza, kuyesa madzi, kukwilila. Kumanja nchito iliyonse ili ndi mzele wake wonenepa, woyambila pa tsiku loyamba n'kuthela pa tsiku lomaliza, ndipo timivi timaonetsa kuti iyi singayambe ija isanathe. N'chokongola kuchiona, koma sungachisefe kapena kuchiwonkhetsa. N'chifukwa chake mabwana amafuna matebulo.

Pulogalamu ya tchatiyo imatha kutulutsa fayilo ya XML. Ndinalemba kodi mu Python, ElementTree yowelengela XML, openpyxl yolembela Excel. Nchito iliyonse imakhala m'kachigawo kotchedwa Task, ndipo mkati mwake mumapezeka Name, Start, Finish, Duration ndi OutlineLevel. Poyamba kodi inkabweza zopanda kanthu, ngati kuti m'fayilomo mulibe nchito ndi imodzi yomwe, mpaka ndinazindikila kuti dzina lililonse liyenela kutsogozedwa ndi namespace yolembedwa pamwamba pa fayilo. Duration imabwela ngati PT40H0M0S, amenewo ndi maola, ndiye umagawa ndi maola a tsiku la nchito kuti upeze masiku. Madeti ndinkawalemba ngati madeti enieni, osati ngati mawu, chifukwa ukalekelela, kompyuta ya munthu wina imatembenuza tsiku ndi mwezi, nchito ya mu Novembala n'kukagwela mu Malichi. OutlineLevel ndinkakankhila nayo maina mkati, kuti tinchito ting'onoting'ono tikhale pansi pa mayi wake.

Ku Lusaka anali atatumiza kale maonekedwe a tebulo limene ankafuna: dzina la nchito, gulu loigwila, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, masiku okonzedwa ndi masiku amene yatenga. Masiku amene yatenga ndinkawapeza powelenga kuchokela pa Start kufika pa Finish. Ndinaonjezelapo changa chimodzi, kuti nchito ikapyola masiku ake mzele wonse uzifiila. Zimene amayi Tembo ankataipa tsiku lathunthu, kodi inkamaliza madzi a tiyi asanawile.

"Chitsilu chapuma," anatelo. Anaonjezela mzele wa dzina langa pansi pa tchati, wakuti "Lipoti, Wezi," chifukwa kwa iwo munthu aliyense wa pa kampani ankayenela kuoneka pa tchati, ngakhale mlonda. Masabata oyamba ankatsegula fayilo n'kuiona asanaitumize. Kenako anasiya, ankangoitumiza.

Nyengo yotentha itafika, mizele ya gulu lina inayamba kufiila Lachisanu lililonse. Linali gulu la a Mtonga, lokumba ngalande. Sindinkawadziwa, kwa ine linali dzina m'kabokosi. Ndinkangoti ndi ulesi wa kumudzi umene ndimaudziwa, kukumba pang'ono, kukhala pamthunzi, kuyamba nkhani za mitengo ya fodya. Nthawi imeneyo ndinali ndi mkwiyo ndi Mphamba yense, anthu ake ndi nkhuku zake zomwe.

Tsiku lovuta linafika mitambo itayamba kusonkhana kum'mawa. Injiniya wa kampani, a Chanda, anabwela kuchokela ku Lusaka n'kulowa mu ofesi m'mawa, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Amayi, nakamba kudala na bene ba mashini ku Chipata," anatelo. "Pa Mande ekisikaveta ibwela. Aba ba Mtonga bakangiwa, onani mweka mu Excel yanu. Mvula ikapeza ngalande zili chabe zotsegula, zizagumuka zonse. Nizabauza neka masana pa thanki."

Anatuluka kupita ku maofesi a boma. Amayi Tembo anatsegula fayilo ya sabata yatha, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Iwe Wezi, masiku a timadontho ukuwawelengela pamodzi?"

"Timadontho tanji?"

"Sintha madeti. Fupikitsa, zioneke kuti ali pa nthawi."

Ndinakana. Mafayilo a masabata apitawo anali kale ku Lusaka, aliyense akanatha kuyelekezela. Ndiponso ndinawauza kuti ine sindinganame chifukwa cha anthu aulesi.

Anandikoka kolala n'kundiyandikitsa pa sikilini. Anakulitsa tchati. Kwa miyezi ndinkawelenga XML ya tchati chimenecho, koma tchati chenichenicho sindinachiyang'anitsitsepo. Mizele ya a Mtonga sinali yathunthu ngati inayo. Inali yodukaduka, zidutswazo zitalumikizidwa ndi timadontho.

"Timadontho timeneti ndi malilo," anatelo amayi Tembo. "Mudzi ukafedwa, khasu siligunda pansi mpaka munthu ataikidwa. Ndipo amene amakumba ngalande zathu ndi adzukulu a m'midzimo, omwewo okumba manda, ndi mapiki omwewo. Akandiimbila foni kuti kwagwa zovuta, ndimadula mzele. Potaipa ndinkachotsa masikuwo m'mutu. Ndimayesa kompyuta yako yanzeluyo ikuchita chimodzimodzi."

Sanandiuzepo, inenso sindinafunsepo. Tebulo la ku Lusaka linalibe malo a zimenezo. Sindikupepesa, ndikungonena mmene zinalili.

"Malilo anandidyela kale sukulu ine," ndinayankha. "Adye ndi nchito yawo, tifanane."

"Pakamwa pako pali ngati ngalande ya pamsika," anatelo.

Tili mkati mokangana, panja panalila belu la njinga. Analowa bambo wina wamfupi, wa imvi, atavala majombo odula m'mwamba. Anabwela kudzatenga mipini yatsopano ya mapiki.

"Monile, mama."

"Monile, a Mtonga. Muli uli?"

"Tili makola." Anatembenukila kwa ine n'kutsinzinila diso limodzi. "Si mwana wa malemu a Zimba uyu? Wa kusukulu uja?"

"Ndine."

"Adada ako anatizunza, mwana iwe. Pa manda awo pansi panali mwala, tinathyola mipini. Tinati munthu uyu anali wouma mutu ali moyo, wafa waumitsanso nthaka." Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe sunatione. Unali m'nyumba ndi mabuku ako."

Zinali zoona. Tsiku limenelo ndinali kuchipinda, kuwelengela mayeso amene sindinawalembe. Pofika kumanda ndinapeza dzenje lilipo, lowongoka m'mbali, ndipo sindinafunse kuti wakumba ndani. Ndinkakhala ngati ndikuyesa kuti manda amamela okha.

Amayi Tembo sanawauze za ekisikaveta, makina okumba amene ankabwela kudzawalanda nchito. A Mtonga anamanga mipini pa kaliya n'kupalasa kubwelela ku thanki, akuimba likhwelu. Ine ndinakhala pansi n'kutsegula XML. Magetsi anali atathima kuyambila m'mawa, ndinali ndi batile lokha.

Mu Task munalibe chilichonse chonena za kuduka kwa mzele. Start inali ya chidutswa choyamba, Finish ya chomaliza, basi. Ndinafufuza fayilo yonse, ndikutukwana chapansipansi, mpaka ndinafika kumunsi, ku zigawo zotchedwa Assignment, kumene nchito imalumikizidwa ndi gulu loigwila. Mmenemo muli TimephasedData, tizidutswa tokhala ndi Start, Finish ndi Value. Tsiku limene anthu anakumba, Value imakhala ndi maola. Tsiku la timadontho imakhala PT0H0M0S. Ndinalemba kachigawo kena ka kodi, fankishoni yosonkhanitsa tizidutswa totsatizana, ta maola patokha, topanda maola patokha.

Nditaiyesa koyamba, inatulutsa zamisala. Inatenga Sondo iliyonse ngati tsiku loima, moti gulu la a Mtonga linaoneka ngati limafedwa sabata ndi sabata. Ndinayenela kuwelenganso chigawo cha Calendar n'kuchotsa masiku amene kampani sigwila nchito. Zifukwa ndinazitenga mu Notes, mmene amayi Tembo ankalembamo mwachidule, monga "malilo, kuseli kwa thanki." Pamene sanalembe, ankakumbuka ataima kumbuyo kwanga, akutchula wakufayo ndi mudzi wake, ine ndikutaipa. Uyu mayi wa dikoni, uyu mwana wa sukulu, uyu mkulu amene anadwala nthawi yaitali. Ena ndinkawadziwa. Tebulo linalandila madanga atatu atsopano: masiku okumba, masiku oima, chifukwa. Ndinapanganso tsamba lachiwili, chidutswa chilichonse pa mzele wake, ndi mudzi wake. Kufiila ndinakumangilila pa masiku okumba ndi pa kuima kopanda malilo.

Panatsala mpata umodzi wopanda wakufa.

"Apa anapita kukaima pamzele wa fetelaiza," anatelo amayi Tembo. "Lembapo malilo."

"Anafa ndani?"

"Wezi!"

"Ine sindipha munthu pa Excel."

Ndinalembapo fetelaiza, ndipo mzele umenewo unakhalabe wofiila. Batile linali litayamba kudandaula pamene ndinkakopela fayilo pa fulashi. Tinakwela njinga yamoto tonse awili, amayi Tembo akundikumbutsa njila yonse kuti ndikatseke pakamwa.

Pa thanki tinapeza amuna atakhala pa mulu wa mapaipi, miyendo ili yofiila ndi dothi mpaka m'maondo. A Chanda anali atawauza kale. A Mtonga anali atagwila chipewa m'manja, mipini yatsopano ija ili chimangile pa njinga. Amayi Tembo anapempha a Chanda kuti aone fayilo imodzi yokha asanapite. A Chanda anaika laputopu yawo pa boneti ya galimoto n'kulowetsa fulashi. Anawelenga nthawi yaitali, akutsitsa ndi kukweza.

"So pamene bakumba, bakumba kupitilila pulani," anatelo. Kenako analoza mzele wofiila uja. "Nanga iyi ya fetelaiza, ba Mtonga?"

"Imeneyo ndi yathu, abwana. Tinathawa."

Amuna ena anayang'ana pansi. A Chanda anapukusa mutu, koma ndinaona kuti tsopano ayamba kukhulupilila mizele inayo.

"Nimvela," anatelo. "Naine nili na kumunzi. Koma ku Lusaka manda bakumba ba kanso ya tauni, ise tifika chabe na maluwa. Manje muniuze, banthu bazaleka kufa mvula ikalibe kubwela?"

"Timawapempha kuti adikile mipopi, abwana," anayankha a Mtonga, "koma samva."

Kuseka kunamveka pang'ono n'kuzilala. Funso la a Chanda linali loona. Tebulo langa linaonetsa kuti anthuwa si aulesi, koma silinachotse mitambo kumwamba. Apa ndi pamene pakamwa panga panatsegukanso.

"Nanga ekisikaveta yanuyo idzakumba tsiku la malilo? Mudzailiza kuseli kwa nyumba ya siwa, azimayi akulila?"

"Iwe, nikamba na bakulu."

Amayi Tembo ananditsina pamkono mpaka ndinalumpha. A Chanda anabwelela pa laputopu n'kusefa tsamba lachiwili potsata midzi. Paipi inali ndi nthambi ziwili, ina yopita ku sukulu, ina yotsikila kudambo, ndipo pulani inkati imodzi ithe ina isanayambe. Anafunsa a Mtonga ngati malilo a kudambo amatsekanso nthaka ya ku sukulu. A Mtonga anati ayi, kumeneko ndi kwa eni ena. Anafunsanso ngati manda amodzi amafuna gulu lonse. A Mtonga anati amafuna ochepa, enawo amakapepesa m'mawa, kenako amangokhala chifukwa pokumba palibe.

"Ndiye tisegula nthambi zonse zibili pamozi," anatelo a Chanda. "Uku kukagwa malilo, bosala bayenda uko. Mashini izabwela chabe pa kamtsinje paja pali myala. Nikupasani mpaka kusila kwa mwezi. Ikafiila futi, musanilile."

Anapita pambali kukaimba foni ku Chipata. A Mtonga anavala chipewa n'kuyamba kumasula mipini pa njinga, kugawila anyamata awo. Pokwela galimoto a Chanda anandiitana ndi chala.

"Kodi yako ili bwino," anatelo. "Koma kamwa yako izakuchosesa nchito."

Sanalakwe kwenikweni, koma imeneyo ndi nkhani ina. Nthambi ya ku sukulu inatha nthaka idakali youma. Ya kudambo anaimaliza m'matope, mvula yoyamba itagumula chigawo china, amuna aja n'kuchikumbanso akutukwana m'Chitumbuka. Gulu linakhalabe mpaka mpopi womaliza.

A Mtonga sanadziwe bwinobwino chimene ndinachita, ndipo sindinawafotokozele. Akandiona ankangofunsa kuti, "Kompyuta yako yati bwanji lelo?" Ine ndinkati, "Yati mukumbe."

Chimene ndinatolapo n'chakuti kusandutsa tchati kukhala tebulo si kusamutsa katundu kuchoka m'nyumba ina kupita m'nyumba ina. Tebulo limatenga zokhazo zimene lapatsidwa malo, zotsalazo zimagwela panjila popanda phokoso, kodi osadandaula n'komwe. Masiku ano munthu akandipatsa tchati, sindiyamba ndi XML. Ndimakhala pansi ndi amene amachijambula, ndimaloza mpata uliwonse, mtundu uliwonse, kadontho kalikonse, n'kufunsa kuti apa pankachitika chiyani. Ambili amatopa nane. Inenso ndimatopa nawo, koma ndimafunsabe.

Za koleji mtima sunatsike, musayembekezele zimenezo. Koma mwezi umenewo usanathe kunagwa malilo kudambo, mlamu wa mmodzi wa okumba aja. Ndinauza amayi Tembo kuti mawa sindibwela. M'mamawa ndinafika kumanda n'kupempha fosholo. Amuna anayang'anana, mmodzi anandipatsa. Ndinalowa m'dzenje, ndipo pasanapite nthawi manja anali atatuluka matuza.

"Tuluka, mwana wa a Zimba," anatelo a Mtonga ali pamwamba. "Ukugumula m'mbali. Munthu sagona m'nyumba yokhota. Katunge madzi."

Ndinatunga madzi mpaka dzenje linatha.

Lachisanu ndinayendetsa kodi monga mwa masiku onse, n'kutsegula fayilo kuti ndiione isanapite ku Lusaka. Pansi penipeni, pa mzele wa "Lipoti, Wezi," panali zidutswa ziwili. Amayi Tembo anali atadula mzele wanga osandiuza. Kodi yanga inali itapeza timadontho yokha, ndipo pa danga la chifukwa inalemba kuti malilo. Mzelewo sunafiile.